Walira Mvula Walira Matope

Makolo akale, poona mlimi akunyansidwa ndi matope a mvula imene iye mwini anaipempha, ankati: walira mvula walira matope. Ankatanthauza kuti chabwino chilichonse chimadza ndi mtolo wake.

Ku Mbulumbuzi, m'mbali mwa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kunali agogo ena aamuna amene khasu linawasiyira ululu wa msana ndi maondo. M'mamawa, asanalawe n'phala lomwe, ankatuma mdzukulu kuokala kukagula Brufen. Ululu ukakula ankaonjezapo Indocid, madzulo n'kutsirapo kachasu. Msana unkaleka ndithu, ndipo ankalima mokondwa.

Patapita miyezi, anayamba kumva kutentha pachifu. Kenaka chimbudzi chinada bii ngati tala. Koma mwamwambo munthu wamkulu sakamba za kuthengo pamaso pa ana, choncho anakhala chete kufikira tsiku limene anagwa ndi chizungulire m'munda. Kuchipatala anawapeza ndi chilonda cha m'mimba chimene chinkachucha magazi, ndipo anapulumuka atawaonjezera magazi.

Gwero la matopewa linadziwika mu 1971. John Vane wa ku England anapeza kuti aspirin ndi mankhwala anzake amaletsa thupi kupanga timadzi totchedwa prostaglandin. Timadziti ndi timene timautsa ululu ndi kutupa, komanso ndi tomweto timene timathandiza chifu kudzimata ndi chinthu chonanda kuti asidi asachidye. Mbewu ya Brufen, Indocid kapena diclofenac ikazimitsa ululu, imasasulanso denga la chifu. Ngozi imakula kwa okalamba, kwa amene anadwalapo zilonda za m'mimba, kwa omwa mowa, ndi kwa ophatikiza mitundu iwiri. Panado sakanda chifu motero, koma akachuluka amaononga chiwindi.

Adzukulu, mvula siikanidwa chifukwa cha matope, koma wanzeru amakumbiratu ngalande. Akakutumani kuokala tsiku ndi tsiku, funsani mwaulemu kuti, “Agogo, kodi m'mimbamu muli bwanji?” Aperekezeni kwa adokotala, mutatenga mapepala a mankhwala onse amene amamwa. Akasanza magazi kapena chimbudzi chikada, musadikire kuti kuche. Amene adokotala anawalembera aspirin wa mtima asaleke okha, ayambe afunsa.

Manyazi ndi ulemu pabwalo, koma pamatenda amakumba manda.