Injini Yotopa

Kufupi ndi msika wa Lizulu, m'boma la Ntcheu, kunali bambo wina wolima kachewere ndi kabichi. Bamboyu anali ndi galimoto yaing'ono ya mtundu wa Nissan 1400, mtundu umene unkapangidwa ku South Africa kufikira chaka cha 2008. Galimotoyi ndiyo inali kunyamula zokolola kupita nazo ku Lilongwe, ndipo ndalama zophunzitsira ana ake atatu zinali kuchokera m'menemo.

Chaka china, kachewere ali pafupi kukhwima, galimotoyo inayamba kudwala. M'maŵa inali kuvuta kulira. Pokwera zitunda za ku Dedza inali kupuma ngati nkhalamba ya chifuwa, ndipo kumbuyo kwake kunali kutuluka utsi wa buluu. Oilo amene kale anali kukhala miyezi ingapo, tsopano anali kutsika pa sabata imodzi yokha. Tsono bamboyo anatenga mwana wake wamwamuna, napita naye kwa makaniko wina wachikulire wa pa Dedza.

Mwina ambiri mwa inu simunaonepo m'kati mwa injini. Thupi lake ndi chitsulo chachikulu cholemera chimene amakaniko amachitcha buloko. Mu buloko ya galimoto imeneyi muli maenje anai osalala otchedwa masilinda. M'dzenje lililonse mumayenda pisitoni, imene imakwera ndi kutsika monga musi mu mtondo. Galimoto ikamathamanga, pisitoni imodzi imatha kukwera ndi kutsika ka 3,000 pa mphindi imodzi. Pisitoniyo imavala mphete zachitsulo zotchedwa maring'i, ndipo ntchito yake ndi kutseka mpata kuti mphamvu ya petulo isapulumuke, ndi kuti oilo asakwere kumene kukuyaka moto. Koma mtondo nawo umakula m'kati ukasinjidwamo zaka zambiri. Masilinda akaperepeseka, oilo amadutsa m'mbali napsa pamodzi ndi petulo. Utsi wa buluu uja umachokera pamenepo.

Makaniko atatsegula injini, anagwira chala cha mnyamata uja nachiyendetsa m'kati mwa silinda. Chakumwamba kunali kamzere kokola chikhadabo, kosonyeza pamene maring'i anali kulekezera.

"Bambo, njira zilipo ziŵiri," anatero makaniko. "Tikhoza kutumiza buloko kwa amisiri a makina kuti akakuze maenjeŵa ndi theka la milimita, tiikemo mapisitoni okulirapo ndi maring'i atsopano. Ntchito imeneyi idzatenga masabata atatu. Apo ayi, mugule injini ina yogwirapo kale ntchito. Imeneyo ndingaiike m'masiku aŵiri."

Bamboyo sanayankhe msanga. Masabata atatu anali ambiri, pakuti kachewere akakumbidwa sadikira munthu. Injini yogula inali kumukopa, ngakhale kuti mtengo wake unali wokwererapo.

Madzulo anafotokozera mkazi wake zonsezi. Mayiyo anamvetsera, kenaka anafunsa kuti, "Kodi abambo, injini yogulayo mudzaiona m'kati musanapereke ndalama?"

Funsoli linali lolemera. Wogulitsa injini yakale kaŵirikaŵiri salola kuti wogula aimasule. Amaitsuka kunja ndi kuiŵalitsa, koma palibe amene adziŵa mtunda umene yayenda, kapena ngati inatenthapo mpaka madzi kuŵira. Kuonjezera apo, injini iliyonse ili ndi nambala yake yolembedwa m'buku la galimoto, ndipo woisintha ayenera kukalembetsa nambala yatsopanoyo ku ofesi yoona za pamsewu.

Komabe, si buloko iliyonse imene ingakonzedwe. M'maŵa mwake makaniko anachenjeza bamboyo kuti asafulumire. "Bulokoyi ikakhala ndi mng'alu, ndalama zanu zidzaloŵa m'madzi. Ndiponso ngati maenjeŵa anakuzidwapo kale kangapo, khoma lake lapyapyala. Tiyeni tiyambe tayesa, ndipo muyezo ndiwo utiuze chochita."

Amisiri a makina anatsuka buloko ija, natseka njira zake zonse za madzi, napopamo mpweya kuti aone ngati pali potulukira. Panalibe. Atayesa kukula kwa masilinda, anapeza kuti sanakuzidwepo chipangidwire injiniyo. Atamva zimenezi, bamboyo anavomera kuti ikonzedwe.

Masabata atatu aja anali oŵaŵa. Kachewere woyamba anapita ku Lilongwe pa lole ya munthu wina, ndipo malipiro a loleyo anadya gawo lalikulu la phindu. Matumba ena anagulitsidwa pa Lizulu pomwepo pa mtengo wotsika. Anzake ena anamuseka, namati wataya nthaŵi ndi chitsulo chakale.

Tsiku lokatenga galimoto, makaniko anapereka malangizo. Pa makilomita 1,000 oyamba anayenera kuyendetsa mofatsa, osasenza katundu wolemera, kuti maring'i atsopano agwirizane bwino ndi makoma a masilinda. Pambuyo pake anayenera kubwerera kudzasintha oilo.

Pobwerera kwawo, galimoto inakwera chitunda choyamba popanda kusintha giya. Mnyamata uja anali atagwada pa mpando, maso ali pa galasi la kumbuyo.

"Ukuyang'ana chiyani, mwana wanga?" anafunsa bambo wake.

"Ndikufuna utsi uja, bambo, koma sindikuuona."