Timagazi ta Azakhali Tinapita Kuti?

Abale a m'gulu lino, sabata ino ndikulemba kuchokera kuno ku Mzuzu. Nkhani yanga ndi ya Pulofesa Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, katswiri wofufuza mmene matenda opatsirana amafalira. Iyeyu simungamupeze pawindo lopereka mankhwala. Ntchito yake ndi kuwerenga odwala: wadwala ndani, kuti, liti, nanga bwanji iyeyo osati mnzake woyandikana naye nyumba.

Ndinayamba kumva za ntchito yake kwa azakhali anga a ku Chilumba, ukatsika mapiri a Chiweta. Dzina la Fine iwo salidziwa, amangoti "anthu a LEPRA". Amati ankafika pakhomo, kulemba dzina la aliyense, kuyang'ana pakhungu ngati pali banga la khate, kenako kubaya chala n'kudontheza timagazi pakapepala. "Mwana wanga, ena ankathawira kumunda," amatero uku akuseka. Koma kusekako kukatha amafunsa kuti, "Nanga timagazi tija anapezamo chiyani?"

Yankho lake ndi ili. Kafukufukuyu anayamba mu 1979 m'boma la Karonga, ndipo Fine ankamutsogolera pamodzi ndi dokotala wa ku Germany, Jörg Pönnighaus. Pakati pa 1986 ndi 1989 anabaya katemera anthu oposa 120,000. China chomwe ankafuna kudziwa n'chakuti, kodi BCG, katemera uja amatisiyira chipsera pamkono, angateteze kwambiri ku khate ndi chifuwa chachikulu munthu atabayidwa kachiwiri? Anadikira zaka, akulondola amene wadwala. Zotsatira zinatuluka mu 1996 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Kubaya kachiwiri kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma pa chifuwa chachikulu sikunathandize.

Apa mpomwe ndimawavulira chipewa. Zaka zonsezo, ndalama zonsezo, theka la yankho n'kukhala lokhumudwitsa, koma analilemba mmene linalili. Musandimve molakwa amayi, BCG wa khanda ngofunikabe, amateteza ana ku TB yoopsa monga ya muubongo. Chomwe Karonga inaonetsa dziko lonse n'chakuti akuluakulu akufunika katemera wina wa chifuwachi.

Timapepala ta magazi tija tinasungidwa. Patapita zaka anatiyeza, n'kupeza kuti HIV inali itafika kale ku Karonga mu 1982, pomwe wodwala Edzi woyamba m'Malawi analengezedwa mu 1985. Kenako ma ARV aulere atafika m'bomalo mu 2005, gulu lomweli linaona kuti imfa za akuluakulu okhala pafupi ndi msewu waukulu zinatsika ndi 35 pa 100 aliwonse, pomwe kumidzi yakutali zinthu zinali zisanasinthe. Mukuona? Mankhwala aulere amafunabe thiransipoti. Aliyense amene anaonapo wodwala akutsika minibasi pa depoti ya Mzuzu m'mawa, atachoka kwawo kukadali mdima, akudziwa zomwe nambala imeneyi ikunena.

Lero ntchitoyi ikupitirira pansi pa dzina la MEIRU. Koma kumbuyo kwa dzina la pulofesa kuli Amalawi amene ankayenda khomo ndi khomo, dzuwa la kunyanja likuswa mtengo, ndi anthu ngati azakhali amene anapereka chala. Popanda iwowa sipakanakhala cholemba.

Chimene chimandidya mumtima n'chakuti nkhani zoterezi zimakhala m'Chingerezi chovuta, m'magazini omwe sapezeka ngakhale pamsika wa Mzuzu. Munthu akapereka magazi koma osamva zomwe anapezamo, mphekesera ndi zomwe zimamuyankha. Tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, pomwe anthu osalakwa anaphedwa. Tikukumbukanso mmene ena ankathawira katemera wa Covid-19.

Ife a m'gulu lino timatha kulemba za chikondi, ndale ndi ufiti. Bwanji tilembenso izi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Kyangonde, kuti agogo akumudzi amve zomwe magazi awo anaphunzitsa dziko? Amene kwanu kunafikapo ofufuza, kaya ku Chikwawa, ku Mangochi kapena ku Ndirande, kafunseni akuluakulu zomwe akukumbuka. Mudzatibweretsere sabata yamawa.