Wowina Akhale, Woluza Apereke Padi

Pali mkangano umene umabwerabwera pa Facebook ndi pa TikTok ngati madzi a mvula mu Kanyama. Kampani ikangotulutsa filimu kapena gemu mmene muli munthu wakuda pamalo pamene ena sanamuyembekezere, phokoso layamba. Mu 2023 inali The Little Mermaid, pamene Halle Bailey anasewera monga Ariel. Mu 2024 inali Assassin's Creed Shadows, Ubisoft itaonetsa kuti mmodzi mwa anthu awiri akuluakulu a mu gemuyo ndi Yasuke. Ifenso a mu Lusaka timalowamo, kumaliza bando ya tsiku lonse potukwanizana ndi munthu wa ku Texas amene sadziwa olo kumene kuli Zambia. Ine ndachaya magemu kuchokera nthawi ya PlayStation 2, ndipo ndiona kuti mkanganowu uli ndi mutu wake. Koma nkhani ya khungu imene imatipweteka ife ochaya magemu a mukomboni ili pena, ndipo mankhwala ake ena tili nawo kale m'manja.

Kudziona pa TV kumakoma, zimenezo sinditsutsa. Yasuke anali munthu weniweni. Anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, ndipo mu 1581 anayamba kutumikira Oda Nobunaga, mtsogoleri wamphamvu kwambiri wa nthawiyo, mpaka imfa ya Nobunaga mu 1582. Olemba mbiri ambiri amaganiza kuti kwawo kunali ku Mozambique, kuseri kwa Chanida chabe apa. Supa Team 4 ya Malenga Mulendema itatuluka pa Netflix mu 2023, ana anaona atsikana anayi akupulumutsa Lusaka, ndipo nyimbo yake anaimba ndi Sampa the Great. Manje ungasankhe Orlando Pride mu EA Sports FC n'kugoletsa ndi Barbra Banda. Ndipo amene anakulira mu magemu shopu akumbuka kuti pa Tekken aliyense anali kuthamangira Eddy Gordo, ena chifukwa anali kuoneka ngati ise, ena chifukwa olo ungodinya mabatani osadziwa kanthu miyendo yake inali kuzungulira yokha.

Koma nkhope ya mu gemu amaisankha ndi anthu a malonda. Akaona kuti ibweretsa ndalama aiikamo, akaona kuti phokoso lachuluka aichotsa. Funso limene limandivuta ndi lakuti: pa mpikisano weniweni, pamene pali chikho ndi ndalama, ndani amakhala pa mpando atagwira padi?

Kuti timvetse, tiyende pa Mungwi Road kapena pa Lumumba nthawi ya 17 hours. Anthu akuweruka m'mafakitale ndi m'mawerahausi a mu Heavy Industrial Area, ambiri wapansi, ena kulowera ku George, ena ku Matero, ena kutsikira ku Kanyama. Pakati pawo pali anyamata amene tsiku lonse anali kunyamula masaka ndi makireti pa ganyu. Asanafike kunyumba amapatukira mu kachipinda ka malata kapena mu kontena, mmene muli ma TV awiri kapena atatu, benchi imodzi, ndi mapadi omangidwa ndi tepi. Amalipira makwacha ochepa pa gemu imodzi. Lamulo la mmenemo ndi limodzi, ndipo palibe amene analilemba: wowina akhale, woluza apereke padi.

Makomboni amenewa sanamere okha pafupi ndi mafakitale. Lusaka itakhala likulu mu 1935, nyumba za boma ndi za azungu zinamangidwa cha ku Ridgeway, kum'mawa kwa njanji. Mafakitale anapita kumadzulo, ndipo anthu akuda ogwira nchito anaikidwa m'mbali, pafupi ndi utsi. Matero inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti ikhale ya anchito achikuda. Maina monga George, John Laing ndi John Howard ndi a eni malo akale amene anthu anamanga pa minda yawo. M'masiku amenewo munthu wakuda sanali kulowa mu butchala ya mu tauni pa chitseko cha kutsogolo. Anali kugulira pa kawindo ka m'mbali, kulandira nyama yokulungakulunga imene sanasankhe, mpaka African National Congress ya a Harry Mwaanga Nkumbula inauza anthu kuti aleke kugula. Agogo athu anatseka kawindo kameneko. Koma mu magemu a mpikisano ndiona tumawindo titatu timene tikali kugulirapo, ndipo palibe chikwangwani chonena za khungu pa tonse titatu.

Koyamba ndi mtunda. Ukadinya batani pa intaneti, uthenga uyenera kupita kwa seva kapena kwa amene ukuchaya naye n'kubwerera. Mu waya wa fibre uthengawo umayenda pafupifupi makilomita 200 pa millisecond imodzi. Kuchoka pa Lusaka kufika ku London ndi pafupifupi makilomita 8,000, ndiye kupita ndi kubwera ndi ma millisecond 80 olo wayawo utakhala wowongoka ngati nsungwi. Koma suli wowongoka. Zambia ilibe nyanja yaikulu, choncho mawaya amayamba adutsa m'maiko a anzathu kukafika kugombe, ndiye n'kulowa pansi pa madzi. Gemu yomenyana monga Tekken imayenda zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chimodzi pafupifupi ma millisecond 17, ndipo nkhonya yachangu ya masiku onse imafika pa zithunzi 10. Werengani nokha. Mnyamata wa ku George akakumana ndi wa ku Europe pa intaneti, zithunzi zisanu kapena kuposa zathera m'njira, ndipo gemu yasanduka yongoganizira. Maseva ambiri ndi mipikisano ikuluikulu zili kumene kuli ndalama, ndipo mapu a ndalama akali kufanana kwambiri ndi mapu a atsamunda.

Kachiwiri ndi malaiti. Mu February 2024 a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa mu Kariba, pofika September madera ambiri anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Katswiri wa magemu amakonzekera maola ambiri tsiku lililonse, monga wa nkhonya kapena wa bola. Gemu shopu yopanda jenereta kapena sola inangotseka, ndipo yokhala ndi jenereta inaika mtengo wa petulo pa gemu.

Kachitatu ndi pasipoti. Apa ndipo pali nkhani imene ndimafuna aliyense wa mu shopu aimve. Arslan Siddique, amene amadziwika kuti Arslan Ash, ndi wa ku Lahore ku Pakistan. Mu February 2019 anavutika ndi viza ndi ndege zosinthasintha, n'kufika ku Fukuoka mpikisano wa EVO Japan uli pafupi kuyamba. Anawina Tekken 7. Mu August chaka chomwecho anapita ku Las Vegas n'kuwina EVO yaikulu, atagonjetsa Knee wa ku South Korea, amene ambiri anali kumuona ngati mfumu ya gemuyo. Dziko linadabwa, chifukwa silinali kudziwa kuti m'tumashopu ta ku Lahore anyamata anali kunolana maso ndi maso kwa zaka zambiri. Pambuyo pake mnzake Atif Butt anawinanso Tekken World Tour ya 2022. Ku Dominican Republic nako, MenaRD anawina Capcom Cup ya Street Fighter mu 2017 ali ndi zaka 18, n'kutenga madola 250,000, ndipo zina mwa ndalamazo anaziika pokweza anzake a kwawo.

Onani kuti onsewa ndi a magemu omenyana. Si mwangozi ayi. Magemu amenewa anakulira m'malo olipira ndalama yachitsulo, anthu awiri pa TV imodzi, osafuna kompyuta yodula kapena intaneti yothamanga. N'chifukwa chake mipikisano yake imadzaza ndi anthu a khungu lililonse, ndipo SonicFox, wakuda wa ku America wochaya Mortal Kombat, anasankhidwa kukhala katswiri wa chaka pa The Game Awards mu 2018. Ku Kenya kuli Brian Diang'a amene anakulira mu Kibera, ndi Sylvia Gathoni, Queen Arrow wa Tekken. Kuno kwathu kuli Team Gematrix, ndipo Justin Banda, Mr 5000, wanyamulapo dzina la Zambia kunja pa Mortal Kombat. Anthu awiri akakhala pa benchi imodzi, mtunda watha, viza yatha. Chatsala ndi zala ndi mutu.

Ndinaziona ndi maso mu shopu ina cha ku Matero. Kunabwera mnyamata wa Chimwenye, mwana wa eni werahausi ina ya mu Heavy Industrial, atamva kuti kuli anthu odziwa FIFA. Anakumana ndi kamnyamata kamene masana kamatsitsa katundu m'mathiraki. Kunja kwa chipindacho wina ndi mwana wa bwana, wina ndi waganyu. Mkati, mwana wa bwana anadya zigoli zinayi. Shopu inakhala chete, aliyense akuyang'ana kuti zitha bwanji. Mwini shopu anangoti, "Mwaluza bakamba, pasani padi." Anapereka, n'kukhala kumapeto kwa benchi kuyembekeza mpata wina ngati wina aliyense. Sabata yotsatira anabweranso, ndipo anabwera ndi padi yatsopano imene anaisiya momwemo. Sindinaonepo malo ena mu Lusaka mmene anthu awiri amenewa angakhale mofanana chonchi.

Izi sizitanthauza kuti tsankho la pakamwa kulibe. Liliko. Mu 2020 mnyamata wina wa ku Ireland analuza gemu ya FIFA, n'kutumizira Ian Wright weniweni mauthenga otukwana khungu lake, mpaka EA inamuletsa kuchaya magemu ake moyo wonse. Ambiri a ise amene tinatsegulapo maiki pa intaneti tidziwa zimene zimatsatira anthu akangomva Chizungu chathu. Koma tikamadandaula zimenezo, timverenso pakamwa pathu. M'mashopu mwathu muli maina amene timaponyera Mtchaina akamadutsa, muli nthabwala za makala kwa mnzathu wakuda kwambiri, muli kuseka mtsikana akapempha padi. Barbra Banda atasankhidwa ndi BBC kukhala wosewera bola wamkazi wa chaka mu 2024, anthu akunja ananyoza maonekedwe ake ndipo tonse tinakwiya. Nanga mlongo wathu wa pa nyumba yachitatu, amene timamuthamangitsa pa benchi asanagwire n'komwe padi, amukwiyire ndani? Lamulo la wowina akhale limakoma pokhapo aliyense ali ndi ufulu wokhala pa mzere.

Makolo amene amati gemu ndi kutaya nthawi nawonso ali ndi mfundo. Mwana wa yunifomu sayenera kupezeka mu shopu nthawi ya sukulu, ndipo gemu ikasanduka njuga yafa. Si onse adzadya za padi, monga mmene si onse ochaya bola pa fumbi amafika kumene anafika Patson Daka. Koma kumbukirani kuti Esther Phiri anachokera mu Mtendere. Mphamvu m'manja anali nayo, koma anafika patali chifukwa panali malo ophunzirira, mphunzitsi, ndi anthu olemba kuti wamenya ndani, liti, ndipo zinatha bwanji. Ife mbali imeneyo ndiyo tilibe. Shopu iliyonse ili ndi ngwazi yake imene sinaluzepo, koma mbiri yake imathera pa ngalande ya kumapeto kwa msewu. Wa ku George sadziwa wa ku Chawama. Wa ku Kalingalinga sanamvepo za wa ku Kanyama.

Seva sitingaisunthe, madzi a mu Kariba sitingawadzaze, ndipo viza amadinda ndi ena. Koma buku la masamu la mapeji ochepa tingagule. Mwini shopu alembe maina, tsiku ndi zigoli. Mwezi ukatha, anayi apamwamba akwere basi akakumane ndi anayi a komboni ina, mmodzi agwire foni ajambule, vidiyo ipite pa Facebook pomwe paja timathera mabando pa nkhani za Ariel. Pa anayiwo pakhale mpata wa aliyense amene wawina, kaya ndi mtsikana, kaya ndi mwana wa bwana, kaya ndi waganyu. Wofuna kuthandiza ndi ndalama, olo ndi fakitale ya pa Mungwi Road, amafunsa kaye kuti anthu anuwo ali kuti ndipo anawina chiyani. Tsiku limenelo tikhale ndi buku lomuonetsa.

Ngati mukomboni mwanu muli amene mumati palibe angamuchotse pa mpando, yambani ndi iye. Lembani dzina lake pa peji yoyamba, ndipo mum'pezere mnzake wa kutsidya kwa njanji.