Nkhwani wanga pa kapinga wa anthu onse

Abale, nkhwani anatsala pang'ono kundidanitsa ndi aneba kuno ku Manchester.

Nyumba tikukhalayi ndi ya kopaletivi. Landilodi palibe. Tonse okhalamo ndife mamembala, lendi imapita ku thumba limodzi, ndipo nkhani iliyonse imagamulidwa pamsonkhano, munthu mmodzi voti imodzi. Mfundo imeneyi inatchuka ndi kopaletivi ya ku Rochdale, pafupi pompano, yomwe inayamba mu 1844.

Kuseri kwa nyumbayi kuli kapinga wa tonse. Ine mwana wa ku Dedza, kuona nthaka yachonde ikungomera udzu mtima unkandipweteka. Kumapeto kwa Meyi, chisanu chitatha, ndinatipula pakona n'kudzala maungu. Sindinafunse munthu.

Pofika Julaye maungu aja anali atayanga mpaka pamene ana amasewerera mpira. Kalata ya komiti inabwera yondiitana kumsonkhano. Ndinapsa mtima, ndikuti basi tsankho layambika. Mayi a kunyumba anangondifunsa kuti, "Kodi abambo, zaka zitatu zonsezi, misonkhano ya anthuwa mwapitako kangati?" Ndinakhala chete. Mashifiti ausiku ndiwo anali chonamizira changa.

Kumsonkhanoko ena anadandaula za mpira, ena za madzi omwe ndinkathirira. Kenako gogo wina wa m'chipinda chapansi anayankhula motsitsa mawu. Pakona paja anadzalapo maluwa a daffodil amuna awo atamwalira. Maluwawa amaphuka cha m'Malichi, masamba n'kufota, koma anyezi ake amatsala m'nthaka kudikira chaka china. Timibulu tomwe ndinkafukula n'kutaya kubini tija tinali timeneto. Safunsa anadya phula, abale.

Anavota kuti ndizule, ndipo ndinazula. Ndinapita kukapepesa kwa gogoyo, koma chitseko anangotsekula pang'ono. Mu Okutobala ndinagula anyezi ena a maluwawo, iwo ataima pambali n'kumandilozera podzala.

Chaka chotsatira ndinalemba pempho loti tiike mabokosi atatu a ndiwo m'mbali mwa mpanda. Linadutsa ndi mavoti awiri okha, ndipo dzanja la gogo uja silinakwere. Moni timapatsana, koma nkhwani wotendera yemwe ndinawapititsira anabweza mwaulemu.

Kumudzi malo opanda mbewu timadziwa kuti ali ndi mwini, timayamba tafunsa kwa amfumu. Kunoko ndinaiwala bwanji? Amfumu ake kuno ndi msonkhano uja wa Lachiwiri madzulo. Masiku ano ndimasinthanitsa shifiti kuti ndisauphonye.