Makatoni a Pansi pa Bedi

Tsiku limene mabuku athu anafika ku Zomba kunali chiperoni. Phiri lonse linali litabisika m'chifunga, ndipo mvula yowaza inkagwa ngati sikufuna. Tinatsitsa makatoni asanu m'minibasi yochokera ku Limbe, n'kuwaphimba ndi pepala la pulasitiki, kenako tinaitana anyamata a kabaza kuti atifikitsire kunyumba. Mayi a kunyumba anatsegula katoni yoyamba ndi mpeni wodulira ndiwo. Anatulutsa buku limodzi, nalinunkhiza, nati: "Alhamdulillah, bambo. Ndiye mbuzi zanga zija ndi zimenezi?" Tinaseka tonse, ngakhale kuti funsolo silinali nthabwala chabe.

Nthano yaitaliyi tinailemba kwa zaka zinayi m'makope a ana a sukulu, nthawi ya pakati pa Swala ya Fajr ndi kutuluka kwa dzuwa, pakuti masana onse ndi a ana a ku madrasa. Ikukamba za banja la msodzi wa ku Kachulu m'chaka cha 1995, pamene nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba n'kusowa, ngalawa n'kugona pamatope ouma. Tinakulira pa Nthondo wa Samuel Nthara, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe ndi Njala Bwana wa Willie Zingani, ndipo timawalemekeza kwambiri. Koma m'mabuku amene ife tinawerenga sitinakumanemo ndi mayi wodzuka usiku kuphika dakwi m'mwezi wa Ramadhan, kapena msodzi wopanga wudhu m'mphepete mwa ngalawa. Tinafuna kuti ana athu adzipeze okha m'buku, osati monga alendo odutsa.

Makampani awiri osindikiza mabuku anatibwezera zolembazo mwaulemu. Sitiwadandaula. Chuma cha osindikiza m'dziko muno chagona pa mabuku a sukulu, amene amayamba avomerezedwa ndi a maphunziro. Nthano yopanda malo pa mndandanda wa sukulu ndi katundu wokhalitsa pa shelefu. Choncho tinaganiza zosindikiza tokha.

Vuto loyamba silinali ndalama ayi. Shehe wina wachikulire, amene anatiphunzitsa Alif ndi Baa tili ana, anatiitana atamva za nkhaniyi. "Mwalimu," anatero, "anthu a m'buku lanuwa alipo?" Tinayankha kuti kulibe. "Nanga kulemba zimene sizinachitike si bodza kodi? Mawa mwana wa ku madrasa akanama, mudzamudzudzula ndi pakamwa pati?" Usiku umenewo tulo sitinatione. Funsolo si lachibwana, ndipo Surah Luqman imachenjezadi za nkhani zopanda pake zosocheretsa anthu. Patapita masiku tinabwerera kwa iwo. Tinati: "A Shehe, bodza ndi kunena chinthu kuti munthu akhulupirire zimene sizili. Agogo akamati padangotero, palibe mdzukulu amene amapita kukafunafuna kalulu wolankhula. Pachikuto talemba poyera kuti iyi ndi nkhani yopeka." Tinawakumbutsanso kuti ophunzira a Chisilamu akhala akuwerenga Kalila wa Dimna, nthano za nyama zimene Ibn al-Muqaffa anaziika m'Chiarabu zaka zoposa chikwi zapitazo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapempha kuti tiwawerengere mutu umodzi. Titamaliza sananene kuti avomera. Anangoti msodzi wathuyo wachedwa nayo Swala ya Asr popanda chifukwa, ndipo tikonze. Tinakonza.

Kenako inabwera nkhani ya ndalama. Wosindikiza wina wa ku Blantyre anatiuza mtengo wa mabuku 500 m'mwezi wa October 2023. Tisanasonkhanitse n'komwe theka lake, mu November kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho mtengo uja unafa tsiku lomwelo. Anzathu anatilozera kwa obwereketsa ndalama za katapila, ena ku banki m'khonde. Koma munthu amene amaphunzitsa ana kuti riba ndi haramu sangayambe buku lake ndi chiwongoladzanja. Tinatsitsa chiwerengero kufika pa 300, mayi a kunyumba anagulitsa mbuzi zawo zinayi, ndipo mlamu wathu wa ku Johannesburg anatibwereketsa zotsalazo popanda kuwonjezapo kanthu. Pamenepa tinaphunzira masamu owawa: mabuku akachepa, mtengo wa buku limodzi umakwera, ndipo wogula wathu ndi yemwe uja amawerengera ndalama ya ufa ndi sopo.

Kulemba pa kompyuta kunatidyera miyezi itatu. Mtsikana amene ankatitayipira anali wakhama, koma magetsi ankathimathima, ndipo makinawo ankasintha okha mawu a Chichewa kuwasandutsa a Chingerezi. Mawu a Chiyao amene agogo a m'nthanoyi amalankhula anawakonza onse poganiza kuti talakwitsa. Mkonzi tinalibe. Tinadalira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies, kuno ku Zomba komweko, ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anawerenga masamba onse ndi cholembera chofiira, malipiro ake n'kukhala tiyi ndi zitumbuwa. Chimene chinayenda mosavuta ndi nambala ya ISBN, imene imaperekedwa ndi a National Archives, ulendo wapansi kuchokera kwathu. Kumeneko n'kumenenso lamulo limafuna kuti wosindikiza aliyense akasiye buku lake kuti lisungidwe. Tikamaganiza kuti msodzi wa ku Kachulu ali m'nyumba imodzi ndi makalata a abwanamkubwa a nthawi ya atsamunda, mtima umatsitsimuka ndithu.

Chisangalalo cha tsiku la chiperoni lija chinatha mawa lake. M'katoni yachitatu tinapeza mabuku 40 opanda masamba 81 mpaka 96, pamalo penipeni pamene mwana wa msodzi akunyamuka ulendo wa ku Joni. Wosindikiza anati titumize, adzaona. Mpaka lero akuonabe.

Ndipo kugulitsa ndiye ntchito imene palibe anatichenjeza. Sitolo ina ya mabuku inalandira khumi, kuti idzatilipira akagulidwa, itachotsapo gawo lake. M'mzikiti simuchitikira malonda, ndipo adhana ya Ijumaa ikamveka malonda onse amaima. Choncho timadikira anthu atuluke, n'kuyala mabuku pa mkeka kunja kwa mpanda, pafupi ndi ogulitsa zipewa ndi mafuta onunkhira. Ambiri amalitenga, nayang'ana chikuto, nati: "Masha Allah, Mwalimu! Langa mundisungire." Abale ndiye amaona kuti kugula buku la m'bale wawo n'kosayenera; amafuna la mphatso. Loweruka lina tinakwera nawo kuphiri mpaka ku damu la Mulunguzi, poganiza kuti alendo okaona malo agula. Anyamata ogulitsa masitiroberi anamaliza madengu awo dzuwa lisanapendeke. Ife tinagulitsa limodzi, kwa dalaivala amene ankadikira abwana ake.

Chinatipweteka koposa ndi uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa wophunzira wathu wakale. Anatitumizira buku lathu lomwe, tsamba lililonse litajambulidwa ndi foni, akutiyamikira kuti likuyenda kwambiri m'magulu a ku Mangochi ndi ku Salima. Sanadziwe kuti akutionetsa chilonda. Tinamulembera mofatsa kuti thukuta la munthu ndi amana, ndipo ngongole ya mlamu wathu sinathe. Komabe tivomere: usiku umenewo tinagona ndi mitima iwiri, pakuti anthu amene tinawalembera aja anali akuwerenga.

Sabata yatha tinalandira foni kuchokera ku Makanjira. Anali mayi wachikulire amene mdzukulu wawo amawawerengera mutu umodzi usiku uliwonse ikatha Swala ya Isha. Sanatiyamikire. Anati: "Mwalimu, mkazi wa msodzi uja mwamuliritsa mokweza pa maliro a mwamuna wake, chonsecho mwati ndi mwana wa Shehe. Akanalira chamumtima." Tinatsegula tsamba limenelo ali pa foni pomwepo, ndipo tinaona kuti akunena zoona. Talemba ndi pensulo m'mphepete mwake, kudikira kusindikiza kwachiwiri, Insha Allah. Pansi pa bedi patsala makatoni awiri ndi theka, ndipo mayi a kunyumba ayika njerwa pansi pake kuopa chinyontho ndi chiswe.