Zatikwanira, Mayi

Malemu amuna anga anali ndi kachizolowezi komwe kankanditopetsa ali moyo. Tikatha kudya, kaya ndiwo zinali nyemba, kaya usipa ndi chisoso, ankasamba m'manja, n'kuvundikira mbale ndi inzake, n'kunena kuti, "Zatikwanira, Mayi. Tiyamike." Ndiye tinkaweramanso. Anzathu ankapemphera kamodzi asanadye, ife kawiri, ana akusinza pamkeka.

Tinafika mu Lilongwe mu 1975, chaka chomwe likulu linasamuka ku Zomba. Iwo anali kalaliki ku Capital Hill, ndipo tinapeza kanyumba ku Area 18. City Centre nthawi imeneyo inali maofesi omwazikana m'tchire, mitengo yambiri kuposa anthu. Likangolowa dzuwa kunkangoti zii. Moyo unali ku Old Town, kutsidya kwa mlatho, kumsika ndi ku Malangalanga. Mwezi ukatha ankayala malipiro onse patebulo ine ndikuona. Choyamba chakhumi, kenako chimanga, fizi ya ana, parafini, ndi kangachepe kotumiza kumudzi kwa apongozi. Matambala otsala ankalowa m'kachitini ka mkaka pamwamba pa kabati.

Lamlungu masana nthawi zina tinkadutsa kumayadi, ku Area 10 ndi ku Area 12, pokaona m'bale wathu yemwe ankaphika kwa bwana wina. Mipanda yambiri inali ya mitengo yodulira bwino, moti khonde linkaoneka uli pamsewu. Iwo ankayang'ana, n'kuyamikira maluwa, basi ulendo n'kupitirira. Ine ndinkawerenga mazenera.

Ndisakunamizeni, sinali nthawi ya angelo. Pakhomo la msika ankatifunsa khadi la chipani, ndipo ambiri amene sankagwira ndalama za boma ankaopa Kamuzu, osati Mulungu. Koma mantha aja atatha mu 1994, bambo a ana anga sanasinthe. M'pamene ndinadziwa kuti chawo chija sichinali mantha.

Amene anasintha ndine. Anzawo a mu ofesi anayamba kugula mapuloti, wina galimoto, wina minibasi ziwiri, pa malipiro omwe ndinkawadziwa bwino chifukwa anali ofanana ndi athu. Tsiku lina madzulo ndinalephera kupirira. "Abambo, anzanu akumanga ku Area 47. Inu mudzapuma pantchito ndi njinga yomweyi?" Anandikumbutsa za Gehazi wa mu 2 Mafumu 5, yemwe anathamangira siliva ndi zovala za Namani mbuye wake atazikana, n'kubwerako ndi khate. Anatchulanso Aguri wa pa Miyambo 30, amene anapempha kuti asasauke kapena kulemera, kuopa kuba kapena kuiwala Mulungu. Ine ndinayankha kuti mavesi safolera nyumba. Sanandibwezere mawu. Tinadya mwakachetechete, anasamba m'manja, anavundikira mbale, koma mawu awo aja sanawanene. Pa zaka zonse zomwe ndinakhala nawo, usiku wokhawo ndi womwe sitinayamike, ndipo wowatseka pakamwa ndinali ine. Sindinapepese bwinobwino. Ndinangowaphikira nkhuku mawa lake, monga timachitira amayi tikalakwa.

Anatisiya zinthu za 2013 zisanachitike, ndipo mwina Mulungu anawachitira chifundo. Pa 13 September chaka chimenecho Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43. Masiku omwewo zinayamba kutuluka: mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu a malipiro ochepa, macheke opita kumakampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo ululu wake unagwera mayi wodikira mankhwala pabenchi la chipatala. Zonsezi zinachokera m'makonde a ku Capital Hill, momwe amuna anga ankayendamo ndi nsapato zosokedwa kawiri. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma apusi ambiri amene ine ndawaona sanagwe. Anangokweza mipanda.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kutchalitchi. Pa masika kale tinkabwera ndi zomwe munda wapereka: dzungu, lichero la mtedza, tambala womangidwa miyendo akulira pakati pa ulaliki, ana n'kumaseka. Gogo wobwera ndi mazira awiri ankavina mofanana ndi wobwera ndi thumba la chimanga. Lero ndi maenvelopu, ndipo nthawi zina dzina ndi ndalama zake zimalengezedwa kuti tiwombe m'manja. Timawombadi. Komwe zachokera sitifunsa, poti denga la tchalitchi likudontha. Nanenso ndawombapo.

Mwezi watha mdzukulu wanga ananditenga kukadya kwawo kumayadi. Ndi mwana wabwino, ndipo ndalama zake ndi za thukuta lake. Tinaima pageti mpaka mlonda atasuzumira pakabowo. Pamwamba pa mpanda panali waya wamagetsi. Patebulo panali mpunga, chambo, nkhuku ndi zina zomwe sindidziwa mayina ake. Aliyense ankadya maso ali pafoni, nkhani ili ya puloti ina yomwe yatsala pang'ono kuwaphonya. Nditakhuta ndinasamba m'manja, ndipo mosaganiza ndinatenga mbale ina n'kuvundikira yanga.

"Zatikwanira," ndinatero chapansipansi.

Kamwana kawo kakang'ono kanandiyang'ana modabwa. "Agogo, chakudya sichinakome? Tikuitanitsireni pizza?"