Chopukusira cha pa Chitsime Chathu

Amayi anzanga, ine ndinakula ndikutunga madzi pachitsime ndi chingwe cha m'manja, ndipo sindinkaonapo cholakwa. Koma tsiku lina m'mawa kuno ku Chinsapo, mipopi itauma, mwana wanga wamkazi anaterereka m'mphepete mwa chitsime akukoka ndowa. Akanapanda kumgwira chitenje mayi wina, bwenzi lero ndikulira.

Amayi a gulu lathu tinakhala pansi, ndipo tinaona zoipa ziwiri. Choyamba, ndowa ya malita 20 ikadzaza imaposa makilogalamu 20, ndipo wokoka amawerama pakamwa penipeni pa chitsime. Chachiwiri, chingwe chimagwa m'matope momwe taponda, kenaka n'kubwerera m'madzi. Nanga si umo kolera amalowera? Kumbukirani kuti mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Tsono tinasonkherana ndalama, ndipo mmisiri wowotcherera zitsulo anatikonzera chopukusira: mizati iwiri, mpiringidzo wopingasa pamwamba pake, ndi chogwirira chokhota. Ukamapukusa, unyolo umakulungika pampiringidzo, ndowa n'kukwera, ndipo palibe chokhudza pansi. Chogwirira chikatalika, mtolo umapepuka. Ndowa yotungira ndi imodzi yokha. Aliyense amatsanulira madzi mu yake. Tikatha timavindikira chitsime.

Komabe chopukusira sichiyeretsa madzi. Akumwa tiziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

Kodi chitsime chanu chili bwanji, amayi? Musadikire kuti mwana ayambe wagweramo. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.